KHUTU LA INJINIYA: PHUNZIRO PA NTCHITO YA PULOFESA TSHILIDZI MARWALA

Mawu Oyamba

Pa maphunziro onse amene timakumana nawo m'kalasi, Masamu ndi Fizikisi ndiwo amene timawadandaula kwambiri tikakhala patokha. Ambiri a ife timafunsa kuti, "Kodi zimenezi zidzandithandiza chiyani pa moyo wanga?" Funso limeneli si loipa ayi, koma limasowa yankho looneka ndi maso. N'chifukwa chake m'kope lino ndafuna kuti tiphunzire pamodzi za munthu wina wa muno mu Africa amene adatenga Masamu ndi Fizikisi n'kuphunzitsa nazo kompyuta kuzindikira chitsulo chodwala chisanathyoke. Munthuyo ndi Pulofesa Tshilidzi Marwala wa ku South Africa.

Mfundo yaikulu ya phunziro lathu ndi iyi: chinthu chisanawonongeke chimayamba chadandaula. Mphika, mjigo, chigayo ngakhale mlatho, zonsezi zili ndi kaliridwe kake pamene zili bwino, ndiponso kaliridwe kena pamene zayamba kudwala. Ntchito ya injiniya ndi kumvetsera. Kompyuta ndi khutu lachiwiri limene injiniyayo amadzipangira, koma khutulo silimva kanthu ngati munthu sanaliphunzitse. Tiona moyo wa munthuyu, tione mmene ntchito yake imayendera, kenaka tibwere nayo kwathu kuno m'chigwa cha Domasi.

1. Ulendo Wake wa Maphunziro

Tshilidzi Marwala adabadwa pa 28 Julaye 1971 m'mudzi wa Duthuni, m'dziko la Avenda, dera limene lero lili m'chigawo cha Limpopo kumpoto kwa South Africa. Nthawi imeneyo kudali ulamuliro wa tsankho, ndipo mwana wachikuda wa kumudzi sankayembekezeka kudzakhala injiniya. Sekondale adaphunzira pa Mbilwi ku Sibasa, ndipo adamaliza m'chaka cha 1989. Ataphunzirako chaka chimodzi pa St John's College ku Johannesburg, adapeza mwayi wopita ku America, ku Case Western Reserve University mu mzinda wa Cleveland, kumene adalandira digiri yoyamba ya uinjiniya wa makina m'chaka cha 1995.

Atabwerera kwawo adapitiriza maphunziro ku University of Pretoria nalandira digiri yachiwiri m'chaka cha 1997. Kuchoka apo adapita ku Cambridge ku Mangalande, ndipo m'chaka cha 2000 adamaliza digiri ya udokotala. Kafukufuku wake kumeneko adali wofuna njira yodziwira chilema cha chitsulo pogwiritsa ntchito kunjenjemera kwa chitsulocho ndi kompyuta yophunzitsidwa. Adagwirako ntchito ya kafukufuku ku Imperial College ku London, adagwirakonso m'kampani yofulula mowa kwawo, ndipo m'chaka cha 2003 adayamba kuphunzitsa ku University of the Witwatersrand ku Johannesburg, kumene adadzakhala pulofesa. M'chaka cha 2004 boma la dziko lake lidampatsa ulemu wotchedwa Order of Mapungubwe. M'chaka cha 2009 adakhala mkulu wa nthambi ya uinjiniya ku University of Johannesburg, m'chaka cha 2018 adakhala mkulu wa yunivesite yonseyo, ndipo m'mwezi wa Malichi 2023 adayamba ntchito yotsogolera United Nations University, imene likulu lake lili ku Tokyo ku Japan.

Mndandanda wa malo onsewa ndi wochititsa kaso, ndipo ukutikumbutsa mwambi uja wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma chimene chidandikopa ine si maina a mizindayo. Pulofesayu wakhala akunena poyera kuti mphunzitsi wake woyamba wa uinjiniya adali agogo ake aakazi, amene ankaumba mbiya. Akatha kuwotcha miphika yawo ankaigogoda umodziumodzi, n'kumamvetsera. Mphika wolira nthawi yaitali ankadziwa kuti wapsa bwino. Wolira pang'ono n'kungoti zii ankadziwa kuti uli ndi chilema. Ntchito imene mdzukulu wawo adakachita ku Cambridge idali yomweyo, kungoti m'malo mwa mphika padali chitsulo, ndipo m'malo mwa khutu la agogo padali kompyuta.

2. Chifukwa Chiyani Mphika Umalira?

Nzeru imeneyi si ya Avenda okha. Aliyense wa ife amene adaperekezapo amayi ake kukagula mtsuko pa msika wa Songani adaona zomwezi. Amayi salipira asanaugogode ndi chala. Ukati ngwiii amagula. Ukati phwe amaubweza pansi, ngakhale wogulitsa alumbire chotani. Kodi Fizikisi ikutiuza chiyani pamenepa?

Chinthu chilichonse cholimba chikagundidwa chimanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumagwedeza mpweya mpaka kufika m'khutu mwathu. Kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi timakuyeza ndi muyeso wotchedwa hertz. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pa ma hertz 20 mpaka pafupifupi 20,000. Kukachuluka timamva liwu laling'ono lokwera. Kukachepa timamva liwu lalikulu lotsika.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalamulira liwu la chinthu: kukungika kwake ndi kulemera kwake. Oyimba ng'oma amazidziwa bwino zimenezi ngakhale sadalowepo mu labotale. Ng'oma ikalefuka amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ndipo liwu limakwera. Akafuna liwu lalikulu amamata phula pakati pa chikopa kuti chilemere, ndipo liwu limatsika. Tsono mphika ukachita mng'alu, kukungika kwake kumachepa, choncho liwu lake limatsika. Pali chinanso: milomo iwiri ya mng'aluwo imakhuzana, ndipo kukhuzanako kumadya mphamvu ya kunjenjemera, kotero kuti liwu limafa msanga. Ndiye chifukwa chake mphika wong'aluka sutha kulira nthawi yaitali, ngakhale mng'aluwo ukhale waung'ono wosaoneka ndi maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma khutu limamva nyererezo.

Mainjiniya akhala akugwiritsa ntchito njirayi kuyambira kale. Ku njanji za ku Ulaya kudali anthu olembedwa ntchito yongoyenda m'mbali mwa sitima ndi hamala ya chigwiriro chachitali, kumagogoda mawilo kuti amve long'aluka. Koma khutu la munthu lili ndi malire. Limatopa, limakalamba, silingakhale pa makina usana ndi usiku, ndipo mwini wake akamwalira nzeruyo imapita naye kumanda. Apa ndi pamene pakufunika khutu lachiwiri lija.

3. Kuphunzitsa Makina Kumva

Choyamba pafunika kachipangizo kosandutsa kunjenjemera kukhala manambala. Kameneka amakatcha accelerometer, ndipo kali m'foni zambiri za masiku ano. Ndiko kamene kamadziwa kuti mwaitembenuza foni cham'mbali. Akakamata pa chitsulo, kamalemba kugwedezeka kwa chitsulocho kambirimbiri pa sekondi imodzi. Chachiwiri pafunika Masamu olekanitsa phokoso losakanikiralo kuti tione maliwu amene ali m'kati mwake, monga mphunzitsi wa kwaya amene amatha kumva mawu a besi paokha ndi a tena paokha ngakhale tonse tikuyimbira limodzi. Masamu amenewa adachokera kwa Joseph Fourier wa ku France, amene adawafalitsa m'buku lake m'chaka cha 1822, kompyuta kulibe.

Chachitatu ndicho chimene pa Chingerezi amati machine learning, kunena kuti kuphunzitsa makina ndi zitsanzo. Kale munthu akafuna kuti kompyuta ichite ntchito ankailembera malamulo onse: ukaona chakuti, uchite chakuti. Koma kodi amayi anu angakulembereni malamulo a mmene amamvera mtsuko wabwino? Sangathe. Amangodziwa, chifukwa adagogoda mitsuko yambiri pa moyo wawo. Njira yatsopanoyi ndi yofanana ndi mmene iwo adaphunzirira: kompyuta timaipatsa zitsanzo zambiri pamodzi ndi mayankho ake, ndipo yokha imafufuza chimene chikusiyanitsa chabwino ndi chodwala.

Chida chimene Pulofesa Marwala adagwiritsa ntchito kwambiri chimatchedwa neural network. Dzinali adalipereka poyerekeza ndi ukonde wa timitsempha ta mu ubongo, koma m'kati mwake mulibe matsenga. Muli kuchulukitsa ndi kuwonkhetsa basi. Tiyerekeze ndi bwalo la milandu kwa amfumu. Mboni zimabwera ndi umboni wosiyanasiyana, ndipo nduna iliyonse imapatsa umboni uliwonse kulemera kwake: uwu ndi wofunika kwambiri, uwu pang'ono, uwu ngwachabe. Nduna zikatero zimapereka maganizo awo kwa amfumu, amene nawonso amadziwa nduna yoyenera kuimvera kwambiri, ndipo amagamula. Mu kompyuta mboni ndi manambala a kunjenjemera aja, ndipo kulemera kwa umboni uliwonse ndi nambala imene amachulukitsa nayo. Poyamba manambala ochulukitsirawa amakhala ongolota, choncho chigamulo chimakhala cholakwika. Kompyuta imayerekeza chigamulo chake ndi yankho loona, n'kusintha manambalawo pang'ono. Imabwereza zimenezi kazikwizikwi mpaka zigamulo zake zitayamba kulondola. Kuphunzira kwa makina n'kumeneko.

Maganizo amenewa si a dzulo. Frank Rosenblatt wa ku America adalongosola chimodzi mwa zida zoyamba za mtundu umenewu m'chaka cha 1958. M'chaka cha 1986 David Rumelhart, Geoffrey Hinton ndi Ronald Williams adafalitsa njira yosinthira manambala aja mwadongosolo. Ndipo inu amene mumati Fizikisi ilibe phindu mvetserani: m'chaka cha 2024 mphoto ya Nobel ya Fizikisi idapita kwa John Hopfield ndi Geoffrey Hinton chifukwa cha ntchito yawo pa zida zimenezi.

Pali msampha umodzi umene ife ophunzira tiuzindikira msanga. Mnzathu wina atha kuloweza mayankho onse a mapepala akale a mayeso osamvetsa phunzirolo. Mukamufunsa funso la chaka chatha ayankha ngati mphunzitsi, koma likabwera funso latsopano agwira cholembera n'kumayang'ana kudenga. Kompyuta nayo imatha kuloweza. N'chifukwa chake injiniya wanzeru saipatsa zitsanzo zonse. Tinene kuti tagogoda miphika 100 imene woumba watiuza kale ubwino ndi kuipa kwake. Miphika 80 tiphunzitsira kompyuta, ndipo 20 tiibisa kuti idzakhale mayeso. Ikakhoza pa miphika 20 imene sidaimvepo, pamenepo tinganene kuti yaphunziradi.

4. Mapaipi a ku Cambridge

Tsopano tione chimene Marwala adachita pa kafukufuku wake wa udokotala. Adatenga mapaipi achitsulo ofanana, ndipo paipi iliyonse adaigawa m'zigawo zitatu. Kuti apange chilema chodziwika malo ake, ankaboola kabowo kakang'ono m'chigawo chimodzi, kapena ziwiri, kapena zonse zitatu. Apa pali Masamu a Fomu 2: chigawo chilichonse chili ndi mbali ziwiri, chabooledwa kapena sichinabooledwe, ndiye 2 kuchulukitsa ndi 2 kuchulukitsa ndi 2 tipeza mitundu 8 ya mmene paipi ingakhalire, kuyambira yopanda bowo mpaka ya mabowo atatu. Ankaigogoda paipiyo ndi hamala yoyezera, accelerometer n'kumalemba kunjenjemera kwake. Ntchito ya kompyuta idali kunena, pongomva kaliridwe, ngati paipi ili ndi chilema ndiponso chigawo chimene chilemacho chili.

Vuto lidali lakuti mapaipi awiri, ngakhale atuluke m'fakitale imodzi tsiku limodzi, salira mofanana ndendende, monganso miphika iwiri ya woumba mmodzi. Kompyuta idayenera kusiyanitsa kusiyana kwachibadwa ndi kusiyana kobwera ndi chilema. Njira imene Marwala adatsata idali yophunzitsa ma neural network angapo, iliyonse ndi mtundu wakewake wa manambala ochokera ku kunjenjemera komweko, kenaka n'kuphatikiza mayankho awo ngati komiti. Adapeza kuti komitiyo imalondola kuposa membala mmodzi payekha. Makolo athu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga; iye adaonetsa zimenezi ndi manambala.

Atakhala mphunzitsi ku Johannesburg, iye ndi ophunzira ake adatengera njira zomwezi ku zinthu zina. Adazigwiritsa ntchito pa mabeyaring'i a makina ozungulira, amene akayamba kudyeka amasintha kanjenjemeredwe. Adazigwiritsanso ntchito pa zipangizo za ma transformer a magetsi. M'menemo muli mafuta, ndipo m'kati mukayamba kutentha mopitirira kapena kuthetheka, mafutawo amatulutsa mipweya monga hydrogen, methane ndi acetylene. Poyeza mipweyayo, kompyuta yophunzitsidwa imatha kunena mtundu wa vuto chipangizocho chisanaphulike, monga dokotala amene amayeza magazi n'kudziwa matenda. Zambiri mwa izi adazisonkhanitsa m'buku lake la m'chaka cha 2012 lotchedwa Condition Monitoring Using Computational Intelligence Methods.

5. Kuchoka pa Mphika Kufika pa Mjigo

Wina afunsa kuti, "Nanga ife a ku Domasi zikutikhudza bwanji za mapaipi a ku Cambridge?" Yankho lili pa mjigo. Mijigo yambiri ya m'midzi mwathu ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ndi chonyaditsa kudziwa kuti mbiri ya pampu imeneyi idayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene inkatchedwa Maldev, isanakakonzedwenso ku Kenya. Adaipanga kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha ndi sipanala imodzi. Komabe m'kati mwake muli timipira ndi tizipangizo tapulasitiki timene timadyeka tsiku ndi tsiku, ndipo tikatha madzi amaleka kutuluka.

Pa tchuthi china chachikulu mjigo wa kumudzi kwathu udafa, ndipo udakhala wakufa milungu itatu. Komiti idayamba yasonkhetsa ndalama, kenaka kutuma munthu kukafuna zipangizo, kenaka kudikira mekaniki. Masiku onsewo azilongo athu ankalawirira kumtsinje wa Domasi ndi zidebe, ena n'kumachedwa kusukulu. Chimene chidandikhudza ndi mawu a amayi anga. Iwo adati, "Mjigowu udayamba kale kudandaula. Chigwiriro chinkagwedera, ndipo kuti chidebe chidzaze tinkapopa mpaka mkono kuwawa." Amayi onse a pamjigopo ankadziwa kuti imfa ikubwera. Makutu adalipo, koma uthengawo sudafike kwa amene akadagula mpira nthawi ikadalipo.

Nkhani ya madzi si yamasewera. Mliri wa kolera umene udayamba m'mwezi wa Malichi 2022 udaonekera koyamba m'boma la Machinga, loyandikana nafe, ndipo pofika m'chaka cha 2023 udali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tsiku lililonse limene mjigo wafa ndi tsiku limene banja limamwa madzi a mumtsinje kapena a pachitsime chosatetezedwa.

Akatswiri a ku Oxford University adaliganizira vuto limeneli. Kuyambira m'chaka cha 2012 adayamba kuika ka accelerometer m'zigwiriro za mijigo ku Kenya, koyamba ku Kyuso, kenaka ku Kwale. Kachipangizoko kamatumiza uthenga wa pafoni wonena mmene mjigo wagwirira ntchito. Uthenga ukaonetsa kuti anthu aleka kupopa, mekaniki amanyamuka pa njinga yamoto osadikira kuitanidwa. Mijigo imene kale inkakhala yakufa pafupifupi mwezi wathunthu idayamba kukonzedwa m'masiku osapitirira atatu. Pambuyo pake adaphunzitsa kompyuta kumvetsera kanjenjemeredwe ka chigwiriro kuti izindikire mjigo umene wayamba kudwala usanafe, ndiponso kuti iyerekeze kuya kwa madzi pansi. Kodi simukuona kuti ndi mphika wa agogo uja, wabweranso mu maonekedwe ena?

Kuti uthenga wotere uyende pafunika njira yotumizira, ndipo pa mbali imeneyi boma lathu la Zomba lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 2013 Dr Chomora Mikeka wa ku nthambi ya Fizikisi ya Chancellor College, amene adaphunzira ku Yokohama ku Japan, adatsogolera ntchito yotumiza intaneti kudzera m'mipata ya mafunde a wailesi yakanema imene sinkagwiritsidwa ntchito. Adagwira ntchitoyi pamodzi ndi bungwe la MACRA ndi akatswiri a ku Trieste ku Italy, ndipo amodzi mwa malo amene adalumikizidwa ndi sukulu ya atsikana ya St Mary's. Izi zikutionetsa kuti luso lotere silimera ku Ulaya kokha.

6. Zimene Makina Sangathe

Tisatengeke ngati mwana amene waona galimoto koyamba. Pali malire anayi amene wophunzira aliyense ayenera kuwadziwa.

Loyamba: kompyuta imadziwa zimene yaphunzitsidwa basi. Woumba akatinamiza kuti mphika wong'aluka ndi wabwino, kompyuta idzaphunzira bodzalo ndi mtima wonse n'kumalibwereza mosachita manyazi. Choncho kuona mtima polemba manambala ndiwo maziko a ntchito yonse.

Lachiwiri: zitsanzo za kwina sizikwanira kwathu. Kompyuta yophunzira pa mijigo ya ku Kwale, m'mphepete mwa nyanja yamchere, siingadziwe zonse za mjigo wa m'tsinde mwa phiri la Malosa kapena wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene nthaka, kuya kwa madzi ndi kapopedwe ka anthu n'zosiyana. Zitsanzo zathu tiyenera kusonkhanitsa tokha.

Lachitatu: makina amamva bwino matenda obwera pang'onopang'ono, koma tsoka ladzidzidzi limene sadalionepo limawadzidzimutsa monga limatidzidzimutsira ife. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya pafupifupi ma megawatt 130 a magetsi mpaka m'chaka cha 2023. Kachipangizo komvetsera beyaring'i sikakadaletsa madzi amenewo. Pamenepo pafunika injiniya wodziwa mphamvu ya madzi ndi kamangidwe ka damu. N'chifukwa chake tiyenera kukumbukira kuti Marwala adayamba wakhala injiniya wa makina, wodziwa Fizikisi ya chitsulo, asanayambe kuphunzitsa kompyuta.

Lachinayi: kompyuta sigwira sipanala. Ikhoza kunena kuti mpira wa mjigo watsala pang'ono kutha, koma ngati m'bokosi la komiti mulibe ndalama, ngati pa msika palibe mpirawo, ngati mekaniki alibe njinga, uthengawo ndi wachabe. Ku Kenya zidayenda chifukwa pambali pa kachipangizoko padali amekaniki okonzeka ndi zipangizo zogulira kale.

7. Nanga Ife Tichitepo Chiyani?

Njira yopita ku ntchito yotere ilipo m'dziko mwathu momwe muno. Ku Thyolo kuli Malawi University of Science and Technology, imene idatsegulidwa m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2023 idakhazikitsa malo apadera ophunzirira luntha la makina. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene makolo athu amaidziwa ndi dzina lakale la Polytechnic. Pano pa Zomba pali University of Malawi. Khomo la malo onsewa ndi limodzi: kukhoza bwino Masamu ndi maphunziro a sayansi pa mayeso a Fomu 4.

Tikudziwa kuti si tonse amene tidzakhale mainjiniya. Ena a ife, Mulungu akalola, tidzakhala ansembe. Koma wansembe wa parishi ya kumudzi amayang'anira chigayo, mjigo, galimoto ndi magetsi a dzuwa a pachipatala, ndipo akakhala wosamva kudandaula kwa makina, ndalama za akhristu zimathera kugula zatsopano m'malo mokonza zakale. Choncho phunziroli ndi la tonse.

Pali zinthu zitatu zimene tingayambe ngakhale tilibe kompyuta. Choyamba, pa tchuthi chikubwerachi aliyense agule kope la masamba ochepa, ndipo Loweruka lililonse awerenge kuti wapopa kangati kuti chidebe cha malita 20 chidzaze, chidebe chomwecho, kapopedwe komweko. Nambala ikayamba kukwera sabata ndi sabata, akadziwitse a komiti mwaulemu. Ine ndayamba kale kope langa, ndipo azilongo anga alonjeza kupitiriza kulemba ndili kuno kusukulu. Chachiwiri, tipemphe aphunzitsi athu a sayansi kuti tiike chitini choyezera mvula ndipo tizilemba tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Manambala otere, akasungidwa zaka zambiri, ndiwo chakudya chimene makina ophunzira amadya. Chachitatu, tikhale pansi ndi akuluakulu a luso, woumba mbiya, woyendetsa chigayo, wokonza njinga, msodzi wa ku Chilwa, tiwafunse kuti, "Kodi mumadziwa bwanji kuti chinthu chayamba kuwonongeka?" Mayankho awo tilembe. Safunsa adadya phula.

Mawu Omaliza

Anzanga, taona kuti mnyamata wa ku Duthuni sadataye nzeru za agogo ake pamene adalowa m'makalasi a ku Cleveland ndi ku Cambridge. Adazipatsa manambala, adaziyesa pa chitsulo, ndipo zidakhala ntchito ya moyo wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene adzaphunzitse makina kumva mijigo, milatho ndi zigayo za m'chigwa cha Domasi ayenera kuyamba waphunzira yekha kumvetsera, kulemba zoona, ndi kusathawa Masamu. Munthu ameneyo atha kukhala kuti akuwerenga tsamba lino.

Mafunso Oti Tikambirane M'magulu

1. Fotokozani zifukwa ziwiri zimene mphika wong'aluka umalirira mosiyana ndi wabwino.
2. Paipi itagawidwa m'zigawo zinayi m'malo mwa zitatu, pangakhale mitundu ingati ya mmene ingakhalire?
3. N'chifukwa chiyani injiniya amabisa zina mwa zitsanzo pophunzitsa kompyuta? Yerekezani ndi kakonzekeredwe kathu ka mayeso.
4. Tchulani makina atatu a kumudzi kwanu kapena a pasukulu pano, ndipo munene zizindikiro zimene amaonetsa asanawonongeke.
5. Mwa malire anayi aja, ndi liti limene mukuona kuti ndi lalikulu kwambiri kwanu? Perekani zifukwa.